Nyale ya m'Bokosi la ku Joni

Mfundo ananyamuka ku Bwanje nthawi imene anthu anzeru amakhala atatseka kale zitseko. Sikuti anachita kufuna. Foni yake inaswera ku tchaji kwa wometa wa pamsika, Mfundoyo ali kusikimu kupirikitsa mbalame mumpunga, moti pokaitenga cha m'ma eyiti usiku anapeza kuti Zelesi, mlongo wake, waimba kambirimbiri. Asanaiponye n'komwe m'thumba, inaliranso.

"Achimwene, muli kuti kodi? Ababa zavuta kuno. A kuchipatala atibweza, akuti tikangowasamalira kunyumba."

"Ndilawirira m'mamawa ndithu."

"M'mamawa mudzapeza ndani? Akuti mubwere usiku womwe uno. Ndipo akuti mubwere ndi chinthu chija munatenga m'bokosi mwawo. Chiyambire masana akungonena chimenecho. Phala akana, madzi akana. Achimwene, munatenga chiyani?"

Miyezi yonseyi Mfundo ankaganiza kuti nkhalambayo sinadziwe.

Chinthucho chinali pachiwongolero cha njinga yake, chomangidwa ndi malegeni. Mfundo anali munthu wa manja oyabwa. Wailesi ya apongozi ake anaimasula kuti aone chimene chinkaisokosetsa, ndipo mpaka lero sinalankhulenso. Koma tisamunyoze kwambiri, zina ankazitha. Chaka chimenecho ndi chija mafuta a galimoto anasowa m'dziko muno, palafini nayenso n'kukhala ngati mankhwala, ndipo anthu anatembenukira ku timababu ta LED, tija timakhala m'matochi otchipa a pamsika. Tochi ikafa, Mfundo ankaitola, n'kuchotsamo timababuto, n'kupanga nyale zapachibekete zimene theka la mudzi linkadyera nsomba usiku.

Bambo ake, a Yoramu Ngozo, anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi. Anabwerako ndi chifuwa chosatha ndi bokosi lachitsulo limene ngakhale akazi awo sankaligwira. Pa Isitala, Mfundo atapita kukawaona ku Champiti, anawapeza ali m'tulo pansi pa mtengo wa mango, kiyi ali m'thumba la jekete. Anatenga kiyiyo n'kukatsegula bokosi lija. Iye amati ankafuna pulayala. Pansi pa bulangete lakale anapeza sokosi, ndipo m'sokosimo munali mutu wa nyale ya mumgodi, ija amaikoleka pachisoti. Inali yakuda, yolemera, ya galasi lochindikala, waya wake wodulidwa ndi mpeni, ndipo kumbuyo kwake anadindako nambala: 4417. Mtima wake unangoti, chinthu chabwino chonchi chizingogona m'sokosi?

Atafika nayo ku Bwanje anaipatsa ulemu wonse. Anachotsa babu lakufa, napala dzimbiri, natokosola kamtengo ka machesi kofumbwa kamene kanali kothinitsidwa m'mbali mwa swichi, uku akudandaula za uve wa anthu akale. Anaikamo timababu tisanu. Mabatire akuluakulu atatu anawalowetsa m'nsungwi, nsungwiyo n'kuimanga kunsi kwa mtanda wa njinga, mawaya awiri n'kukwera mpaka kunyale. Inkawala moti anthu ankapatuka msanga poganiza kuti kukubwera njinga yamoto. Vuto linali limodzi lokha. Pamabampu inkaphethira, nthawi zina n'kuzimiratu, koma akaiwomba kambama inkadzuka.

Maness, mkazi wake, anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Usiku uno, zitunda zonse zija? Bwanji osadikira kuche?"

"Akafa ndisanawabwezere, ndidzakhala bwanji ine?"

Maness analowa m'nyumba, natuluka ndi jekete ndi bokosi la machesi, nalilowetsa yekha m'thumba la mwamuna wake.

"Chinyale chanucho ine sindichikhulupirira," anatero.

Kuchigwa kunali kotentha ngati masiku onse. Achule ankasokosa m'ngalande za mpunga, udzudzu ukumumenya kumaso, ndipo nyale inkatsegula msewu bwinobwino patsogolo pake. Mfundo anapalasa ndi mphamvu zake zonse. Ankakonza m'mutu zimene akanene. Ankati akayambe ndi kupepesa, kenaka ankati ayi, akayambe ndi kuwaonetsa mmene ikuwalira, mwina akondwera. Kenaka ankakumbukira nkhope ya bambo ake, munthu amene sanamumenyepo koma sanamusekererenso kawirikawiri, ndipo mawu onse ankabalalika. Manyazi anamugwira, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha oti akapeza anthu akulira kale.

Atayamba kukwera, mphepo inasintha. Midzi inali itagona. Apa ndi apo galu ankauwa kawiri katatu, n'kusiya. Mwezi kunalibe. Pazitunda zina ankatsika n'kumakankha, thukuta likuzizirira pamsana, ndipo nyale inaphethira kanayi konse. Kanayi konse anaiwomba mbama, ikudzuka.

Pakati pa usiku patadutsa, anafika pamlatho wamatabwa. Pochoka pamenepo kukafika kwawo ndi ulendo wosakwana ola, koma ndi ola loipa, chifukwa njira imatsata m'mphepete mwa chigwembe chimene chinameza ng'ombe zingapo masana dzuwa likuswa mtengo. Kutsidya kwa mlathowo, kudzanja lamanzere, kuli msitu wa kumanda. Mfundo ankawadziwa manda amenewo. Ali mwana ankamva kuti muli manda ena amene anaikamo thunthu la nthochi, a munthu amene mtembo wake sunabwere kumudzi, koma sanafunsepo kuti anali yani. Ana safunsa zotero, amangothamanga akamadutsa.

Tayala lakutsogolo litangogunda thabwa loyamba, nyale inaphethira. Lachiwiri, inaphethiranso. Pakatikati pa mlatho inangoti thi!

Mdima wa ndiweyani. Mfundo anatsitsa mwendo mosamala, poti matabwa ena anachoka kalekale ndipo pansi madzi ankamveka kutali. Anaiwomba mbama. Zii. Anaiwombanso, mwamphamvu. Zii.

"Usandichite chipongwe pano," anainong'oneza.

Anatulutsa foni kuti galasi lake limuwunikire m'manja. Foni imene inaswera ku tchaji tsiku lonse inawala kamphindi, n'kuzima. Anaidina, anaigogoda pabondo, koma inakhala ngati mwala.

Munthu wa manja oyabwa ali ndi mwayi umodzi, zala zake zimaona. Mfundo anagoneka njinga, nagwada pamatabwa, nayamba monga ankayambira masiku onse. Anayambira kumabatire. Anagwedeza nsungwi, sanamve kusewera. Anamasula mawaya kunyale, naika nsonga zonse ziwiri palilime. Kanamuluma kowawasa kaja. Ndiye kuti moto ulipo, ndipo ukufika. Vuto silili m'nsungwi, silili m'mawaya. Anatenga mpeni, namasula mkombero, nachotsa galasi n'kuliluma ndi milomo kuti lisagwere m'madzi. Anapapasa timiyendo ta timababu, kamodzikamodzi, kuti mwina kena kathothoka. Tonse tinali m'malo. Ndiye anati alambalale swichi, agunditse mawaya patimiyendo penipenipo.

Ng'ani!

Kuwala kunangobwera kamodzi n'kuthawa, waya utaterereka m'zala. Koma m'kamphindi kameneko anaona matabwa, anaona udzu wa kutsidya... ndipo kumapeto kwa mlatho anaona jombo ziwiri zitaima.

Galasi linatsala pang'ono kugwa m'kamwa.

Achule anali atasiya. Sanadziwe kuti asiya liti. Ngakhale madzi a pansi aja ankamveka ngati atalikira.

Gu... gu... gu...

Jombozo zinkabwera. Mlatho umenewo umagwedera ngakhale padutse mbuzi, koma thabwa limene Mfundo anagwadapo silinanjenjemere n'komwe. Kunabwera fungo. Fungo la mwala wonyowa ndi fumbi lakale. Analidziwa, koma sanafune kukumbukira kumene analimva. Linali fungo la m'bokosi la bambo ake.

"Wawa."

Mfundo anachotsa galasi m'kamwa. "Wawa," anayankha, mawu ake atachepa ngati a mwana.

"Yazima?"

"Yazima, akulu."

"Imatero. Ikamva chinyezi imatero. Mwaimenya?"

"Ndaimenya."

"Siimva kumenya imeneyo."

Munthuyo ananjuta pambali pake. Mfundo sanaone kanthu, anangomva kuzizira kumbali imeneyo, ngati wayandikira mtsuko wa madzi. Mawu ake anali a munthu wamng'ono, mwina wocheperapo kwa iye, koma kalankhulidwe kanali ka madala.

"M'mbali mwa swichimo muli kamtengo ka machesi. Kakankhireni mkati."

Tsitsi linamuimirira Mfundo.

"Ndi... ndinakachotsa."



"Munakachotsa," anatero munthuyo, osakalipa, ngati akungodziuza yekha. "Kasipuling'i kake kanathyoka sabata yoyamba. Kukaipereka kuti akonze, akanandipatsa ina. Ine ndinali nditazolowera iyi."

Mfundo anadziuza kuti ameneyu ndi mmodzi wa anthu a ku Joni, kuti nyale zonse za kumeneko zimafanana, kuti mwina ndi woledzera wochokera kumowa. Anadziuza zambiri. Mtima sunamve ngakhale chimodzi.

"Machesi muli nawo?"

"Ndili nawo." Anatulutsa bokosi la Maness, nafuna kukhwatcha.

"Musayatse!"

Mawuwo anamveka ngati achokera mbali zonse. Kenaka anabwerera mwakale, ofatsa.

"Kuno sitiyatsa moto. Thyolani mutu wakewo, mutaye m'madzi. Eya. Tsopano papasani kumanzere kwa swichi. Pali kampata."

Mfundo anayesa. Kamtengo kanalowa, n'kutuluka, n'kuphonya. Pamenepo dzanja lina linagwira lake. Linali lozizira, lokhakhala, la mchenga m'zikhadabo. Linatsogolera chala chake pang'onopang'ono, mpaka kamtengo kanathina. Kenaka chala chimodzi cha dzanjalo chinatsetserekera kumbuyo kwa nyale, chikusisita.

"Folo... folo... wani... seveni," anawerenga munthuyo.

Mumdima umenewo Mfundo sankaona ngakhale mphuno yake.

"Nyaleyi mwaitenga kuti?"

"Ndi ya bambo anga. Ndikukawabwezera. Akudwala kwambiri."

"Bambo anu ndani?"

"A Ngozo. A Yoramu Ngozo."

Dzanja lija linamusiya. Kunamveka kupuma kwautali, ngati mphepo yodutsa m'paipi.

"Ndiye ndiwe... Unabadwa, eti? Wamwamuna!" Anaseka pang'ono, kuseka kokondwa ndithu, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunamuopsa Mfundo kuposa zonse. "Yoramu ankalimbikira kuti akhala wamkazi. Ndinamuuza ine. Taona, mpaka ndevu. Papita nthawi, eti?"

Kenaka munthuyo anadziyankha yekha.

"Kuno sitidziwa nthawi. Bwezera galasi. Lumikiza mawaya ako. Mababu akowa si a masiku athu, koma awala. Ukayatsa usandiwunike kumaso, maso anazolowera mdima."

Anabwezera galasi. Anapota waya woyamba. Wachiwiri unamuvuta katatu.

"Ukamuuze Yoramu," anatero mawu aja, tsopano ali pafupi ndi khutu lenileni, "kuti mwendo unaleka kupweteka. Asadandaule za mwendo. Koma ndikudikirabe. Anati abwera nayo msanga."

Mfundo anadina swichi.

Nyale inayaka, kuwala kumene sinawalepo chiipangire. Anailozetsa pansi monga anauzidwira. Anaona mawondo ake. Anaona matabwa onyowa ndi mame, ndi mzere wa matayala ake, ndi mapazi ake. Kumanzere kwake, pamene munthu ananjuta, mame anali osakhudzidwa.

Panalibe jombo. Panalibe munthu.

Mmene anawolokera mlathowo sakumbuka mpaka lero. Amangokumbuka kuti ali pachishalo, msitu wa kumanda ukudutsa kumanzere, anamva kugogoda. Ngo... ngo... ngo... Ngati munthu akumenya paipi ndi mwala. Anati mwina ndi tcheni. Anasiya kupalasa. Ngo... ngo... ngo... Sikunkachokera kunjinga. Sikunkachokera kumanda. Kunkachokera pansi, pansi penipeni pa msewu, ndipo kunkayenda naye limodzi!

Anapalasa. Chigwembe chinabwera, nyale inamuonetsa mwala uliwonse. Mabampu anabwera, sinaphethire ngakhale kamodzi. Anayesa kupemphera, koma pemphero linkathera pa "Atate wathu" n'kuyambiranso. Kugogodako kunamuperekeza mpaka pamtengo wa mango wa pakhomo pa bambo ake, ndipo pamenepo kunaleka.

Tambala woyamba anali akulira. Maliro sankamveka. Mfundo anagwetsa njinga pabwalo, nakoka nyale pachiwongolero mwankhanza mpaka malegeni anaduka, nathamangira nayo m'nyumba.

M'chipinda munali kakandulo kotsala pang'ono kutha. Mayi ake, a Selestina, anakhala kumutu kwa mphasa, Zelesi kumiyendo. Pakona panakhala a Veronica, mayi wamasiye wa mudzi wa kutsidya kwa mlatho, amene ankapemphera nawo mpingo umodzi ndipo anabwera kudzachezera nawo matendawo. Pamphasapo panagona a Yoramu, atatha ngati chiphesi, maso okha ali moyo.

"Wabwera nayo?"

Mfundo anagwada. Mawu onse amene anakonza m'njira anasowa. "Ababa, ndinalakwa. Ndinaba."

"Bweretsa kuno."

Anailandira ndi manja awiri. Kuwala kunadzaza chipinda chonse mpaka kudenga. Sanayang'ane timababu, sanafunse chimene mwana wawo anaichita. Chala chawo chachikulu chinapita chokha kumanzere kwa swichi, n'kuima.

"Kamtengo aka n'katsopano." Anatsokomola nthawi yaitali. "Wakuuza ndani za kamtengo?"

Mfundo anafotokoza. Ananena za mlatho, za jombo, za dzanja lozizira, za nambala yowerengedwa mumdima. Atafika pa mawu oti "unabadwa, eti", mayi ake anagwira pakamwa. Atafika pa uthenga wa mwendo, a Yoramu anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu.

"Kingston," anatero.

Pakona paja a Veronica anadzuka n'kukhalanso pansi.

"Kingston wake uti?" anafunsa Mfundo, ngakhale mumtima anali atayamba kale kudziwa.

"Amuna awo a Veronica awa," anayankha mayi ake monong'ona. "Anapitira limodzi ku Joni ndi abambo ako. Anafera mumgodi chaka cha 1982, iwe uli m'mimba. Mtembo sunapezeke. Tinaika thunthu la nthochi ndi jekete lawo, pamanda a pamlatho paja."

Mfundo anamva kuzizira kuja kukubwereranso padzanja lake lamanja.

"Mwala unawaphera pomwepo," anapitiriza a Selestina. "Sanamve kuwawa. Abambo ako ndiwo anaona."

"Ndinanama."

Onse anatembenukira pamphasa. A Yoramu anali atatsegula maso, koma sankayang'ana akazi awo. Ankayang'ana pakona.

"A Veronica, sunthirani kuno. Ndilibe mpweya wofuula."

Mayiyo anasendera. A Yoramu analankhula modukizadukiza, akupumira pakati, nyale ili pachifuwa.

"Denga litagwa tinatsala awiri. Nyale yanga inasweka. Iye mwala unamupana mwendo, koma mutu unali bwinobwino, ankalankhula, mpaka nthabwala. Panali kampata koti munthu n'kukwawa. Anavula nyale yake, nandimanga nayo yekha m'chiuno. Anati, iwe mkazi wako ali ndi pakati, pita ukaitane anthu, ubwere nayo msanga, mdima sindigwirizana nawo. Ndinakwawa. Kumbuyo ndinkamumva akugogoda paipi kuti tisadzasochere pobwerera."

Anapuma. Kandulo inazima yokha, koma palibe anaizindikira.

"Nditatulukira kunjira yaikulu, miyala inali ikugwabe. Ndinaona nyale za opulumutsa anthu zikubwera kutali. Ndinadziwa kuti ndikanena kuti ali moyo, andiuza kuti nditsogole, ndiwaonetse kampatako. Ine kubwereramo... miyendo inakana, a Veronica. Ndinachita mantha. Kumgodi munthu amadziwika ndi nambala ya nyale yake. Akanaona nambala iyi pamutu panga, akanadziwa kuti ndinali naye. Ndinadula mutuwu ndi mpeni, n'kuubisa m'jombo, batire n'kuliponya m'dzenje. Atandipeza mumdima anandifunsa ngati kwatsala wamoyo. Ndinati kulibe."

Zelesi anayamba kulira mosatulutsa mawu.

"Anatseka njira imeneyo tsiku lachitatu. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, usiku uliwonse ndimamumva akugogoda. Ndinkati ndikamafa adzandiike nayo, ndikamupatse. Nditatsegula bokosi mwezi watha n'kupeza sokosi yokha, ndinati basi, ngakhale kufa sindingathe." Anatembenuzira maso kwa Mfundo. "Anali wokwiya?"

"Ayi, ababa. Anaseka. Anakondwa kuti ndinabadwa."

Pamenepo nkhalambayo inalira ngati mwana, ndipo Mfundo, amene sanawaonepo bambo ake akugwetsa msozi, anawagwira phewa osadziwa ngati akuwamvera chisoni kapena akuwaopa. Moyo wake wonse unali wogulidwa ndi nyale imeneyo, ndipo iye anaimanga panjinga ndi malegeni kuti anthu a ku Bwanje azimutama.

Nkhope ya a Veronica inali youma. Anayang'ana munthu amene anadya naye pamaliro ndi pamaukwati zaka zonsezi, amene ankawatumizira chimanga chaka cha njala iwo n'kumati ndi chifundo chabe. Aliyense m'chipindamo ankadikira kuti atukwane, ndipo palibe akanawaletsa. Koma iwo anatambasula dzanja, nakhudza galasi la nyaleyo ndi nsonga za zala, monga mmene munthu amakhudzira tsaya la mwana wogona. Kenaka anatenga manja a Yoramu, nawafumbatitsa bwinobwino panyalepo.

"Nyamukani, a Ngozo," anatero. "Mwamukhazika mumdima mokwanira."

A Yoramu anagwedeza mutu. Anayang'ana kukhomo, ngati munthu amene wamva kuitana panja.

"Ndikubwera, Kingi," ananong'ona. "Usaleke kugogoda."

Anapuma kawiri. Kachitatu sikanabwere. Ndipo nyale ija inayamba kuchepa mphamvu, pang'onopang'ono, osati kuphethira kwake kuja, koma ngati munthu akuinyamula kupita nayo kutali m'njira yaitali. Inasanduka kadontho. Kenaka mdima.

"Achimwene, yatsaninso," analira Zelesi. "Tiwatseke maso."

Mfundo anapapasa pachifuwa cha bambo ake, napeza nyale, natsata mawaya ndi zala kuti aone pamene pamasuka. Mawayawo anathera m'malere. Anali oduka, nsonga zili nyankhalala. Nsungwi ya mabatire inali panja, yomangidwabe kunjinga, pamene anaisiya pothamangira m'nyumba.

Anawatseka maso ndi kuwala kwa machesi a Maness.

A Yoramu anaikidwa tsiku lotsatira. Achibale ena anang'ung'udza kuti m'bokosi la Mkhristu simulowa zitsulo za ku Joni, koma a Veronica anangowayang'ana kamodzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Asanakhome chivundikiro, Mfundo anapempha kuti amudikire pang'ono. Anawerama, naika nyale m'dzanja lamanja la bambo ake, nambala ikuyang'ana kumwamba. Kenaka anapapasa kumanzere kwa swichi, nakankhira kamtengo ka machesi mkati mpaka kanathina, kuti isakawazimire m'njira.